Tifunseni: Kodi amene anayambitsa dziko la America ankafuna ulamuliro wotani?

Mwezi uno makalata anayi ochokera m'boma la Mangochi akumana pa nkhani imodzi, ngakhale kuti eni ake sakudziwana. Onse akufunsa za chiyambi cha demokalase ya ku America ndi malamulo ake aakulu oyendetsera dziko. Ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Namwera. Ophunzira anga amamva pa wailesi kuti America ndi chitsanzo cha demokalase, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti anthu amene anayambitsa dzikolo ankafuna chiyani kwenikweni. Ndinamuyankha kuti ankafuna ufulu, koma yankholo silinandikhutiritse ine mwini. Tandithandizani. (Mphunzitsi, Namwera)

YANKHO: Aphunzitsi, simunalakwe, koma munangopereka theka la yankho, chifukwa anthuwo anagwira ntchito ziwiri zosiyana. Mu 1776 anakana mfumu ya ku Britain. Mu 1787 anakhalanso pansi n'kufunsana kuti, popeza mfumu yachoka, nanga ndani adzaletse atsogoleri awo omwe kuti asasanduke mafumu. Ntchito yachiwiriyi ndiyo inali yovuta, ndipo ndi imene ndingakonde kuti mtsikanayo aimvetse bwino.

Mkangano unayambira pa msonkho. M'mphepete mwa nyanja yamchere ya Atlantic munali madera 13 olamulidwa ndi Britain, ndipo anthu ake anali atazolowera kudzisankhira aphungu oyendetsa za kwawo. Ku Virginia nyumba ya aphungu inayamba kukumana kale mu 1619. Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, boma la ku London linatsala ndi ngongole yaikulu, choncho linayamba kukhometsa misonkho m'maderawo, monga wa mu 1765 umene unkafuna kuti nyuzipepala ndi zikalata za kukhoti zizikhala ndi sitampa yolipiridwa. Chimene chinawawa anthu kwambiri si kukula kwa msonkhowo ayi, koma kuti unakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo imene iwo analibemo phungu ndi mmodzi yemwe. Mu Disembala 1773 anthu a ku Boston anakhuthulira m'madzi tiyi amene anabwera pa sitima, mu Epulo 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi ku Concord, ndipo pa 4 Julaye 1776 nthumwi zimene zinasonkhana ku Philadelphia zinavomereza chikalata cholengeza kuti maderawo achoka m'manja mwa Mfumu George III.

Amene analemba chikalatacho, Thomas Jefferson, anali ndi zaka 33 zokha. Mfundo zake n'zochepa ndipo mwana wa Fomu 3 angathe kuzisunga pamtima: anthu onse analengedwa ofanana; ali ndi maufulu amene munthu sangawalande, monga moyo, kukhala mfulu ndi kudzifunira chimwemwe; boma limapeza mphamvu zake kuchokera ku chilolezo cha anthu olamulidwa; ndipo boma likayamba kuwononga maufuluwo, anthu ali ndi ufulu wolisintha kapena kulichotsa. Jefferson sanazitole m'mutu mwake zokha, pakuti Mngerezi wina woganiza mozama, John Locke, anali atalemba zofanana nazo zaka pafupifupi 90 m'mbuyomo. Chachilendo chinali chakuti tsopano mfundozo zinatuluka m'mabuku n'kukhala maziko a dziko lenileni. Mukatsegula gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lathu lino mupeza ganizo lomwelo, lakuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a ku Malawi, ndipo wozigwira amangosungitsidwa.

Nkhondo inatha ndi pangano la ku Paris mu 1783, koma boma loyamba limene anapanga linali lofooka dala, chifukwa munthu amene wangochoka kumene m'manja mwa mfumu amaopa chilichonse chofanana ndi mfumu. Kunalibe pulezidenti. Nyumba ya malamulo ya dziko lonse, yotchedwa Congress, inalibe mphamvu yokhometsa msonkho. Inkangopempha ndalama ku zigawo, ndipo zigawo zinkapereka zikafuna. Anthu a kunyanja adziwa mmene zimakhalira komiti ya pa doko ikagwirizana lamulo lotseka nyanja koma ilibe njira yoletsera mwini khoka amene wasankha kuponya usiku. Asilikali amene anamenya nkhondo sanalipidwe bwino, ngongole zinakula, ndipo mu 1786 alimi a ku Massachusetts amene ankalandidwa minda chifukwa cha ngongole anaukira, motsogozedwa ndi Daniel Shays, n'kuyamba kutseka makhoti. Akuluakulu anaona kuti boma lopanda mphamvu ndi loopsa ngati boma la mphamvu zopitirira muyeso.

N'chifukwa chake kuyambira mu Meyi mpaka mu Seputembala 1787 nthumwi 55 zochokera m'zigawo 12 zinakumana ku Philadelphia, chigawo cha Rhode Island chitakana kutumiza munthu. George Washington ndiye anali wapampando, Benjamin Franklin anali gogo wa zaka 81, ndipo James Madison, wa zaka 36, ndiye anabwera atakonzeka kuposa onse. Anakambirana mobisa, ndipo anakangana kwambiri, makamaka pa nkhani ya zigawo za anthu ambiri ndi za anthu ochepa, mpaka anamvana zokhala ndi nyumba ziwiri za malamulo: ina yogawa mipando potengera chiwerengero cha anthu, ina yotchedwa Seneti mmene chigawo chilichonse chili ndi aphungu awiri, chikule chichepe.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Anthuwa sanamange boma poganiza kuti atsogoleri adzakhala abwino. Madison analemba poyera kuti anthu akanakhala angelo boma silikanafunika, ndipo kuti vuto lalikulu ndi kupatsa boma mphamvu yolamulira anthu kenaka n'kulikakamiza kudzilamulira lokha. Potsatira maganizo a Mfalansa wina, Montesquieu, anagawa mphamvu patatu, ndipo nthambi iliyonse anaipatsa chingwe chogwirira inzake. Congress imapanga malamulo, koma pulezidenti angathe kukana kusainira, ndipo akakana, aphungu awiri mwa atatu aliwonse m'nyumba zonse ziwiri angathe kumupitirira. Pulezidenti ndi mkulu wa asilikali, koma kulengeza nkhondo ndi kugawa ndalama za boma ndi za Congress. Pulezidenti amasankha oweruza, koma Seneti iyenera kuvomereza, ndipo oweruzawo akalowa sachotsedwa chifukwa chakuti chigamulo chawo chakhumudwitsa wina. Mu 1803 khoti lalikulu, pansi pa John Marshall, linagamula kuti lamulo lotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko si lamulo konse, ndipo kuti makhoti ndiwo ayenera kunena zimenezo.

Ife a ku Mangochi sitifunika kuuzidwa chifukwa chake zingwe zoterezi n'zofunika. Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu mu 1964, nduna zimene zinasemphana maganizo ndi Dr. Banda zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ndipo panalibe nyumba kapena khoti limene likanaima pakati. Henry Masauko Chipembere, amene anali phungu wa Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi), anathera ku America komweko, kumene anamwalira mu 1975. Mbendera tinali nayo, nyimbo ya fuko tinali nayo, koma funso la mu 1787 tinali tisanaliyankhe.

Chomaliza choti muuze ophunzira anu ndi chakuti chikalata chimene anthu 39 anasainira pa 17 Seputembala 1787 chinalibe mndandanda wa maufulu a munthu. George Mason wa ku Virginia anakana kusainira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chimenechi. Otsutsa anapitiriza kukakamira mpaka mu Disembala 1791 pamene mfundo khumi zinawonjezedwa, zoteteza ufulu wolankhula, wa atolankhani, wopembedza, wosonkhana, ndi woweruzidwa mwachilungamo. Gawo limene anthu ambiri amalikonda lero linabwera chifukwa cha anthu amene anakana kuomba m'manja.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine munthu wachikulire wa kuno kwa Mponda. Agogo athu ankatiuza za anthu amene ankawolotsedwa pa Shire atamangidwa magoli. Ndikumva kuti amene analemba kuti anthu onse ndi ofanana anali ndi akapolo iye mwini. Ngati zili zoona, tingalemekeze bwanji mawu a munthu wotero? (Bambo wa kwa Mponda)

YANKHO: Bambo, zimene mwamvazo n'zoona, ndipo sindifuna kuzipaka mafuta. Jefferson anakhala ndi akapolo opitirira 600 pa moyo wake wonse. Washington ndi Madison nawonso anali ndi akapolo. Kalembera woyamba wa mu 1790 anapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, ndipo mwa iwo pafupifupi 700,000 anali akapolo. Ambiri mwa iwo makolo awo anagwidwa kumadzulo kwa Africa, pamene a kuno kwathu ankatengedwa kulowera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, koma goli linali lomwelo, ndipo tauni imene tikukhalayi inayamba mu 1891 ngati linga la atsamunda lolimbana ndi malonda omwewo.

Choipitsitsa n'chakuti ukapolo sunali kunja kwa malamulo a mu 1787. Unali mkati mwake. Olembawo anapewa kutchula dzina lakuti kapolo, koma anaika mfundo zitatu zouteteza. Pogawa mipando ya aphungu, pa akapolo asanu aliwonse ankawerenga atatu, zimene zinapatsa eni akapolo mipando yochuluka pogwiritsa ntchito anthu amene sankaloledwa kuvota. Congress inaletsedwa kuthetsa malonda obweretsa akapolo chisanafike chaka cha 1808. Ndipo kapolo wothawira ku chigawo chimene kulibe ukapolo anayenera kubwezedwa kwa mbuye wake. Zigawo za kumwera zinanenetsa kuti popanda zimenezi sizilowa mu mgwirizano, ndipo anzawo anagonja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amayi nawonso sankavota pafupifupi kulikonse, amuna opanda malo kapena chuma ankatsekeredwa kunja m'zigawo zambiri, ndipo eni nthaka amene azungu anawapeza m'dzikomo analandidwa malo awo pang'onopang'ono. Lamulo lopatsa eni nthaka onsewo unzika linabwera mu 1924.

Nanga tilemekeze chiyani? Maganizo anga ndi akuti munthuyo musamulemekeze kuposa mmene ntchito zake zikuyenerera, koma mawuwo musawataye, chifukwa anakula kuposa mwini wake ndipo anasanduka mboni yomutsutsa. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo, anaima ku Rochester pa 5 Julaye 1852 n'kufunsa azungu kuti tsiku lawo la ufulu limatanthauza chiyani kwa kapolo, ndipo chida chake chinali mfundo zomwezo za mu 1776. Amayi amene anasonkhana ku Seneca Falls mu 1848 anatenga chikalata cha Jefferson n'kuchilembanso kuti chinene za amuna ndi akazi omwe. Martin Luther King, polankhula ku Washington mu 1963, anachiyerekeza ndi cheke chimene anthu akuda anapatsidwa koma banki inachibweza. Onsewa sanapemphe chifundo. Anafunsa ngongole imene dziko linali litavomera kale polemba.

Ngongoleyo inabwezedwa mochedwa ndiponso ndi mwazi. Mu 1857 khoti lalikulu lomwe lija linagamula, pa mlandu wa Dred Scott, kuti munthu wakuda sangakhale nzika, zimene zikutiphunzitsa kuti makhoti nawonso amalakwa koopsa. Panabuka nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1861 mpaka 1865 imene inapha anthu opitirira 600,000. Pambuyo pake malamulo aakulu anasinthidwa katatu: mu 1865 kuthetsa ukapolo, mu 1868 kupereka unzika ndi chitetezo chofanana pamaso pa lamulo, mu 1870 kuletsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu. Ngakhale zinali choncho, zigawo za kumwera zinapeza njira zozembera, monga msonkho wolipira usanavote ndi mayeso a kuwerenga okonzedwa kuti munthu wakuda alephere. M'busa John Chilembwe, amene anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo chomwecho cha Virginia kwawo kwa Jefferson ndi Madison, anakhala pakati pa anthu akuda amene ufulu wawo unali pa pepala koma tsankho lili pakhomo. Amayi anayamba kuvota m'dziko lonse mu 1920, ndipo lamulo limene linatsegulira anthu akuda a kumwera chitseko cha chisankho linabwera mu 1965, ife titalandira kale ufulu wathu.

FUNSO: A Mkonzi, kuno ku Malindi Asilamu ndi Akhristu timatunga pa mjigo umodzi. Mnzanga wina akuti America inakhazikitsidwa ngati dziko la Chikhristu mwalamulo. Ine ndine Msilamu, ndipo ndikufuna kudziwa ngati zili choncho. (Mayi wa ku Malindi)

YANKHO: Mayi, anzanuwo akunena zoona pa anthu, koma osati pa lamulo. Azungu ambiri a m'maderawo anali Akhristu a mipingo ya Chipulotesitanti, ndipo ena mwa makolo awo anawoloka nyanja pothawa kuzunzidwa chifukwa cha chipembedzo. Zigawo zina zinali ndi mpingo wa boma umene anthu ankaulipirira msonkho. Ku Massachusetts zimenezi zinatha mu 1833. Koma malamulo aakulu a dziko lonse sanasankhe mpingo. Gawo lachisanu ndi chimodzi likunena kuti munthu asadzafunsidwe za chipembedzo chake kuti alandire udindo m'boma la dzikolo, ndipo mfundo yoyamba mwa khumi zija za mu 1791 ikuletsa Congress kukhazikitsa chipembedzo cha boma kapena kuletsa munthu kupembedza.

Amene anakankha kwambiri ganizoli sanali anthu odana ndi Mulungu okha ayi. Ambiri anali okhulupirira a mipingo yaing'ono, monga a Baptist a ku Virginia amene alaliki awo ankatsekeredwa m'ndende chifukwa cholalikira popanda chilolezo, ndipo iwo anathandiza kuti lamulo la ufulu wopembedza limene Jefferson analemba livomerezedwe m'chigawomo mu 1786. Anazindikira kuti boma limene lingakweze mpingo wako lero lingathenso kuupondereza mawa. Mwina mudzakondwa kumva kuti Jefferson anali ndi Qur'an yomasuliridwa m'Chingerezi, ndipo mu 2007 Keith Ellison, Msilamu woyamba kusankhidwa kukhala phungu wa Congress, anagwira buku lomwelo pa mwambo wake wolumbira. Izi sizikutanthauza kuti tsankho la chipembedzo kulibe kumeneko, koma wochita tsankhoyo sangaloze chiganizo cha m'malamulo aakulu chomuikira kumbuyo.

FUNSO: A Mkonzi, ndine msodzi wa ku Monkey Bay. Kwathu kuno tinamenyera kuti pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka. Nanga bwanji ku America munthu amatha kupeza mavoti ochepa n'kukhala pulezidenti? Komanso lamulo loti munthu alamulire kawiri kokha tinatengera kwa iwo? (Msodzi, Monkey Bay)

YANKHO: Achimwene, zimachitikadi, ndipo zinachitika mu 2000 ndi mu 2016. Chifukwa chake n'chakuti pulezidenti sasankhidwa ndi mavoti a dziko lonse ophatikizidwa pamodzi. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zosankha pulezidenti zofanana ndi chiwerengero cha aphungu ake m'nyumba zonse ziwiri. Zonse pamodzi zilipo 538, ndipo wopambana amafunika 270. Pafupifupi m'zigawo zonse, amene watsogola ngakhale ndi mavoti ochepa amatenga nthumwi zonse za chigawocho, kotero munthu angathe kupambana kwambiri m'zigawo zochepa n'kuluza pang'onopang'ono m'zigawo zambiri. Njirayi inachokera mu 1787, pamene olembawo ankakayikira khamu la anthu pafupifupi ngati mmene ankakayikira mfumu. Mawu akuti demokalase mulibemo n'komwe m'chikalata chawo, ndipo aphungu a Seneti sankasankhidwa ndi anthu mwachindunji mpaka 1913. Ine ndikuona kuti pa mfundo imeneyi chigamulo cha khoti lathu cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinatanthauzira kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, n'cholungama kuposa njira yawoyo. Kuisintha n'kovuta, chifukwa kusintha malamulo awo aakulu kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse m'nyumba zonse ziwiri komanso zigawo zitatu mwa zinayi zilizonse, ndipo chiyambire zatheka ka 27 kokha.

Za kulamulira kawiri, chikalata cha mu 1787 sichinaike malire alionse. Washington, amene akanatha kusankhidwanso, anangotula pansi udindo mu 1797 atalamulira zaka zisanu ndi zitatu n'kubwerera kumunda kwake ku Mount Vernon, ndipo amene anamutsatira anasunga mwambowo kwa zaka zopitirira 140. Franklin Roosevelt atasankhidwa kanayi, anthu anaona kuti mwambo wokha sukwanira, ndipo mu 1951 anaulemba kukhala lamulo. Maiko ambiri anatengera chitsanzo chimenecho, koma ife tinalinso ndi chifukwa chathuchathu, pakuti tinali titakhala ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, choncho olemba malamulo athu a mu 1994 anaika malirewo kuyambira pachiyambi, m'gawo 83. Mu Julaye 2002 bilu yofuna kuwachotsa inafika m'nyumba ya malamulo, ndipo inalephera kupeza aphungu awiri mwa atatu aliwonse amene ankafunika.